KUSAKA MIPATA PAKATI PA NAMBALA ZOSAGAWIKA

Mau oyamba

Nthawi ya tchuthi aliyense wa ife aseminale amakhala ndi chake chotayira nthawi akatha kuthandiza makolo ndi kutumikira ku parishi. Ena amakankha chikopa, ena amasewera bawo pansi pa mtengo wa mango, ena amaphunzira kuimba limba. Changa ine chinawadetsa nkhawa amayi anga. Tsiku lina madzulo, kwathu ku Chilomoni, magetsi atazima, anandipeza nditagona chafufumimba pamkeka, kandulo ali pambali, ndikukhwatcha nambala m'kope. Anatenga kopelo nalitembenuza tsamba ndi tsamba, kenaka anandiyang'ana nkhope itagwa.

"Iwe, ife tikuvutika kukulipirira ku seminale, ndiye wayamba za juga?"

Sindinawaimbe mlandu. M'makwalala mwathu anyamata ambiri atha ndalama ndi kubetcha, ndipo nawonso amayenda ndi timapepala todzaza nambala. Ndinawatsimikizira kuti m'kope langa munalibe tambala ya munthu, koma kuti ndinali pa ulenje wosaka mipata pakati pa nambala zosagawika. Zimene ndinawafotokozera usiku umenewo ndafuna ndigawane nanu lero, pamodzi ndi manyazi amene ulenjewu unandigwetsamo, komanso phunziro limene ndinatolapo.

Kodi nambala yosagawika n'chiyani?

Amayi amagulitsa tomato pamsika, choncho ndinayambira pomwepo. Akakhala ndi tomato 12 angathe kumuika m'milu yofanana popanda wotsala: milu iwiri ya 6, milu itatu ya 4, milu inayi ya 3, kapena milu isanu ndi umodzi ya 2. Koma akakhala ndi tomato 13, ayese milu ya awiriawiri, atatuatatu, anayianayi, nthawi zonse pamatsala wina woti apereke basela. Njira ndi ziwiri zokha: mulu umodzi wa 13, kapena milu 13 ya mmodzimmodzi.

Nambala yotere, imene singagawike popanda chotsala ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe, ndiyo m'kalasi timaitchula kuti prime number. M'nkhani ino ndiziitcha nambala yosagawika. Zoyambirira ndi izi: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29. Nambala 1 sawerengedwa m'gulumu. Nambala 2 ndiyo yokhayo m'gulu lonseli imene imagawika ndi 2.

Nambalazi zili ngati njerwa zomangira nambala zina zonse. Mwachitsanzo 60 ndi 2 × 2 × 3 × 5, ndipo 1964, chaka chimene dziko lathu linalandira ufulu wodzilamulira, ndi 2 × 2 × 491. Nambala iliyonse ili ndi njerwa zakezake, ndipo palibe njira ina yoimangira.

Chidwi ndi nambala sichinayambe dzulo, ndipo sichinayambire kutali. M'chaka cha 1950, ku Ishango, pafupi ndi nyanja ya Edward m'dziko la Congo, kunapezeka fupa la zaka pafupifupi 20,000 lokhala ndi timizere tojambulidwa m'magulumagulu. Mbali ina ya fupalo ili ndi magulu a 11, 13, 17 ndi 19, zomwe ndi nambala zosagawika zonse za pakati pa 10 ndi 20. Akatswiri amatsutsana ngati wojambulayo anachita dala kapena zinangochitika, koma fupalo ndi umboni woti makolo athu a muno mu Africa ankawerenga kalekale.

Sefa ya munthu wa ku Cyrene

Njira yopezera nambalazi imene ndimagwiritsa ntchito inachokera kwa Eratosthenes, amene ankayang'anira nyumba yaikulu ya mabuku ku Alexandria m'dziko la Egypt zaka zoposa 200 Ambuye Yesu asanabadwe. Kwao kunali ku Cyrene, m'dziko limene lero ndi Libya. Mzinda umenewu ndi womwe uja kunachokera Simoni, amene timamkumbukira pa malo achisanu a Njira ya Mtanda.

Njirayi imatchedwa sefa, ndipo imagwiradi ntchito ngati sefa ya ufa. Lembani nambala kuyambira 2 mpaka 100. Zungulizani 2, kenaka khwatchani 4, 6, 8 ndi zonse zogawika ndi 2. Nambala yoyamba yotsala ndi 3: izungulizeni, ndipo khwatchani 9, 15, 21 ndi zinzake. Chitani chimodzimodzi ndi 5, kenaka 7. Zimene zatsala pasefa ndizo nambala zosagawika, ndipo mukaziwerenga muyenera kupeza 25.

Mwina mufunsa chifukwa chimene taimira pa 7. Nambala yogawika iliyonse imapangidwa pochulukitsa nambala ziwiri, ndipo sizingatheke kuti zonse ziwirizo zikhale zazikulu. Zikanakhala kuti zonse ziwiri zikuposa 10, yankho likanaposa 100. Choncho imodzi mwa izo iyenera kukhala 10 kapena kucheperapo, ndipo nambala zosagawika zosapitirira 10 ndi 2, 3, 5 ndi 7 basi. Lamulo ndi ili: pitirizani kusefa mpaka nambala imene mukusefera, ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe, ipitirire malire anu. Kuti mufike pa 1,000 muyenera kusefa mpaka 31, chifukwa 31 × 31 ndi 961. Kuti mufike pa 2,000 muyenera kusefa mpaka 43, chifukwa 43 × 43 ndi 1,849. Lisungeni lamuloli, pakuti ndi pamene ine ndinagwera.

Mipata

Munthu akachoka pamsika wa Chilomoni kulunjika kuphiri la Michiru, poyamba nyumba zimakhala zothithikana, khomo kuyang'anizana ndi khomo. Akamakwera zimayamba kutalikirana, komabe mwa apo ndi apo amapeza nyumba ziwiri zogundizana. Nambala zosagawika zimachitanso chimodzimodzi. Pakati pa 1 ndi 100 zilipo 25, pakati pa 101 ndi 200 zilipo 21, pamene pakati pa 901 ndi 1,000 zilipo 14 zokha. M'chikwi choyamba muli 168, m'chachiwiri 135, m'chachitatu 127.

Mpata ndi kusiyana kwa nambala yosagawika ndi inzake yotsatira. Kuchokera pa 7 kufika pa 11 mpata ndi 4. Chosangalatsa n'chakuti mipatayi sikula mwa ndondomeko. Pakati pa 113 ndi 127 pali mpata wa 14, koma posakhalitsa timapeza 137 ndi 139, zimene zasiyana ndi 2 yekha. Ziwiriziwiri zotere zimatchedwa mapasa.

Mlenje wa mipata amasaka mpata umene ukuposa yonse ya m'mbuyo mwake. Nayi ina yoyambirira:

Mpata wa 4: kuchokera pa 7 kufika pa 11
Mpata wa 6: kuchokera pa 23 kufika pa 29
Mpata wa 8: kuchokera pa 89 kufika pa 97
Mpata wa 14: kuchokera pa 113 kufika pa 127
Mpata wa 18: kuchokera pa 523 kufika pa 541
Mpata wa 20: kuchokera pa 887 kufika pa 907

Yonseyi ndinaipeza ndi dzanja langa, ndipo sindingathe kufotokoza chimwemwe chimene ndinkamva pamene sefa inkakokolola mzere wathunthu osasiya kanthu.

Mmene ndinagwera

Nditatsiriza chikwi choyamba ndinalowa m'chachiwiri. Tchuthi chinali pafupi kutha, maso ankawawa, ndipo ntchito inali itayamba kutopetsa. Nditafika pa 29 ndinaona kuti nambala zatsopano zimene ndinkakhwatcha zinali zowerengeka, popeza zambiri zinali zitagwa kale ndi 2, 3, 5 ndi 7. Ndinadziuza mumtima kuti 31, 37, 41 ndi 43 sizisintha kanthu. Ndinatseka kope. Pa zotsalazo ndinaona 1,333 kenaka 1,361, mpata wa 28, woposa yonse imene ndinali nditaionapo.

Titatsekulira sukulu ndinauza aliyense amene anali ndi makutu. Nkhani inawafika Bambo amene amatiphunzitsa masamu, ndipo tsiku lina anandiitana kutsogolo kuti ndifotokozere kalasi yonse. Ndinalemba pabolodi modzitukumula. Iwo anayang'ana kanthawi, kenaka anafunsa modekha:

"Kodi unasefa mpaka pati?"

Lamulo ndinkalidziwa, ndi yankho loyenera ndinkalidziwa. "Mpaka 43, Bambo," ndinatero.

Sanandikalipire. Anatenga choko nalemba pansi pa ntchito yanga: 31 × 43. Anauza kalasi kuti ichulukitse. Mmodzi ndi mmodzi anzanga anayamba kudzutsa mitu, ndipo wina kumbuyo ananena mokweza kuti 1,333. M'kalasi munangoti zii. Ndikanasefa ndi 31, kapena ndi 43 amene ndinamutchulayo, nambala imeneyi ikanagwa. Bodza langa linali poyera ngati mbuzi yomangidwa pabwalo.

Madzulo ake ndinapita kukapepesa. Bambo anandiuza mau amene sindidzawaiwala: "Mwana wanga, kulakwitsa samu si tchimo. Koma iwe unanena kuti wachita chimene sunachite. Mawa anthu adzakuuza zakukhosi kwao pokhulupirira mau ako. Pita ukamalize ntchitoyo."

Ndinakaimaliza pa nthawi yopuma ya masabata awiri. Zinapezeka kuti m'chikwi chachiwiri ndinali nditasunga nambala 151 m'malo mwa 135, kutanthauza kuti alendo 16 analowa pachipata chimene ndinasiya chosatseka. Mmodzi mwa iwo, 1,147, amene ndi 31 × 37, anandibisira mpata wa 22 wa pakati pa 1,129 ndi 1,151. Koma chimene chinandilasa mtima ndi ichi: 1,333 atagwa, mpata weniweni unayambira pa 1,327 kufika pa 1,361. Mpata wa 34! Nambala 33 zondondozana popanda yosagawika ngakhale imodzi. Choona chinali chachikulu kuposa bodza langa, ndipo ulesi ndiwo unandimana. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Panopa ndafika pa 3,000 ndipo palibe mpata umene waposa 34. Mpata weniweni wa 28 ndinaupeza pakati pa 2,971 ndi 2,999. Mndandanda wa akatswiri umasonyeza kuti woposa 34 sudzaoneka mpaka pa 9,551, pamene pali mpata wa 36. Patsogolo pake, pa 31,397 pali wa 72, ndipo pansi pa 1,000,000 waukulu koposa ndi 114, kuyambira pa 492,113.

Zinthu ziwiri zotsimikizika

Poona kuti nambalazi zikunka zichepa, munthu angaganize kuti pena pake zidzatheratu. Euclid, amene ankaphunzitsa ku Alexandria zaka pafupifupi 300 Ambuye asanabadwe, anatsimikiza kuti sizidzatha. Tiyerekeze kuti wina wabwera ndi mndandanda nanena kuti zonse ndi zimenezi. Zichulukitseni zonsezo, ndipo pa yankholo onjezani 1. Nambala yatsopanoyo mukaigawa ndi iliyonse ya pa mndandanda uja, pazitsala 1. Choncho mwina iyo yomwe ndi yosagawika, kapena njerwa zake ndi nambala zosagawika zimene sizinali pa mndandandawo. Mwachitsanzo 2 × 3 × 5 + 1 ndi 31, yosagawika yatsopano. Ndipo 2 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13 + 1 ndi 30,031, amene ndi 59 × 509, zatsopano ziwiri. Mulimonsemo mndandanda uja unali wopereŵera. Ndiye kuti mpata uliwonse, ngakhale utalike bwanji, uli ndi tsidya lake.

Chachiwiri n'chakuti mipata ilibe malire pa kukula kwake. Chulukitsani 1 × 2 × 3 × 4 × 5, mupeza 120. Popeza 120 amagawika ndi 2, naye 122 agawika ndi 2. Momwemonso 123 agawika ndi 3, 124 ndi 4, ndipo 125 ndi 5. Tapeza nambala zinayi zondondozana zogawika. Mukafuna 13 zondondozana, chulukitsani kuyambira 1 mpaka 14, ndipo pa yankholo onjezani 2, 3, 4 mpaka 14. Mukafuna chikwi, njira ndi yomweyo.

Apa wina anena kuti ulenje watha, poti aliyense angathe kudzipangira mpata wa msinkhu umene akufuna. Ayi ndithu. Kuchulukitsa 1 mpaka 14 kumatifikitsa pa 87,178,291,200, pamene nambala 13 zondondozana zogawika tinazipeza kale pafupi pomwepa, kuyambira 114 mpaka 126. Kupeza thengo lalikulu m'nkhalango ya Majete si chodabwitsa. Chodabwitsa n'kupeza bwalo lopanda nyumba pakati pa Ndirande. Mlenje weniweni amafuna mpata waukulu pamalo pamene sumayembekezeka.

Muyeso wa mpata

Tsono tingadziwe bwanji mpata woyembekezeka? Amene anayamba kuona yankho anali mnyamata wa msinkhu wathu, Carl Friedrich Gauss wa ku Germany. Cha m'ma 1792 kapena 1793, ali ndi zaka 15 kapena 16, anazindikira kuti pafupi ndi nambala iliyonse yaikulu, mpata wapakatikati umayandikira logarithm ya nambalayo, imene pa kakyuleta timaipeza ndi batani lolembedwa ln. M'kalata imene analemba mu 1849 anafotokoza kuti akapeza mphindi 15 zopanda chochita ankawerenga nambala zosagawika chikwi ndi chikwi. Umboni wokwanira wa ganizo lakelo unabwera mu 1896, kuchokera kwa Jacques Hadamard wa ku France ndi Charles de la Vallée Poussin wa ku yunivesite ya Katolika ya Louvain ku Belgium, aliyense payekha.

Pafupi ndi 1,000 mpata wapakatikati ndi 7, ndipo pafupi ndi 1,000,000 ndi 14. Alenje a mipata amagawa mpata umene aupeza ndi mpata woyembekezekawo, ndipo yankho lake amalitcha merit, kunena kwake kulemera kwa mpatawo. Mpata wa 14 wa pa 113 umalemera pafupifupi 3. Wa 34 uja umalemera 4.7, ndiye kuti ndi wotalika pafupifupi kasanu kuposa mmene zimakhalira m'dera limenelo. Wa 72 umalemera pafupifupi 7.

Mu 1999 Bertil Nyman wa ku Sweden anapeza mpata wa 1,132 woyambira pa 1,693,182,318,746,371, umene umalemera 32. Mu 2017 makompyuta a gulu lotchedwa Gapcoin anapeza mpata wa 8,350 woyambira pa nambala ya madijiti 87, wolemera 41.9, ndipo unali woyamba kudziwika wopitirira 40. Ambiri mwa alenje otere sagwira ntchitoyi kuti alipidwe. Amasiya makompyuta ao akusefa usana ndi usiku, ndipo wina akalengeza mpata, anzake amayamba autsimikiza asanaulembe pa mndandanda. Lamulo lao ndi lomwe lija ndinaliphunzira pabolodi.

Mmodzi mwa amene anasunga mndandandawu kwa zaka zambiri anali Thomas Nicely, mphunzitsi wa masamu pa Lynchburg College ku America, amene anamwalira mu 2019. Mu 1994, akuwerengera za mapasa aja, anaona kuti kompyuta yake yatsopano ikupereka mayankho osiyana pang'ono ndi oyenera. Sananyalanyaze. Anafufuza kwa miyezi mpaka anapeza kuti kachipangizo ka Pentium kankalakwitsa samu zina zogawa. Kampani ya Intel inavomera kusinthira anthu tizipangizoto, ndipo inataya madola 475 miliyoni. Munthu mmodzi wosamala pa zazing'ono anaona chimene chinadutsa akatswiri ambiri.

Zimene sizinadziwike

Pali mafunso amene mwana wa pulayimale angawamve koma palibe amene wawayankha. Kodi mapasa, monga 11 ndi 13, kapena 1,997 ndi 1,999, adzatha? Mu 2013 Yitang Zhang, wobadwira ku China, amene kwa zaka zambiri sanapeze ntchito yoyenera maphunziro ake mpaka anagwirako ntchito m'malo ogulitsira zakudya, anatsimikiza kuti mipata yosapitirira 70 miliyoni sidzaleka kuoneka. Pofika 2014, ndi thandizo la njira ya James Maynard wa ku England, akatswiri ogwirira ntchito pamodzi anatsitsa malirewo kufika pa 246. Mutu umodzi susenza denga. Komabe kuchoka pa 246 kufika pa 2 ulendo ukadalipo.

Kumbali ya mipata ikuluikulu, Paul Erdős wa ku Hungary analonjeza madola 10,000 kwa amene adzatsimikize kuti mipata imakula kuposa mmene Robert Rankin anaonetsera mu 1938. Funsoli linayankhidwa mu 2014 ndi Kevin Ford, Ben Green, Sergei Konyagin ndi Terence Tao, komanso ndi Maynard payekha. Tikudziwanso, kuchokera kwa Pafnuty Chebyshev wa ku Russia, kuti pakati pa nambala iliyonse yoposa 1 ndi kawiri kake pamakhala yosagawika. Koma ngati nthawi zonse pamakhala ina pakati pa 10 × 10 ndi 11 × 11, pakati pa 11 × 11 ndi 12 × 12, mpaka muyaya, palibe amene watsimikiza.

Kodi mseminale zimamkhudza bwanji?

Funso limeneli anandifunsa ndi bambo anga ondibereka, ndipo ndi loyenera. Poyamba, nambalazi zili ndi ntchito. Kuchulukitsa 31 ndi 43 n'kosavuta, koma kupatsidwa 1,333 kuti upeze njerwa zake n'kovuta, monga mwaonera. Mu 1977 Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anamanga pa mfundo imeneyi njira yobisira mauthenga yotchedwa RSA, imene imagwiritsa ntchito nambala zosagawika za madijiti mazanamazana, ndipo ndi imodzi mwa njira zotetezera mauthenga ndi ndalama pa intaneti.

Kachiwiri, Mpingo suopa masamu. Marin Mersenne, amene anabadwa mu 1588 namwalira mu 1648, anali wansembe wa chipani cha Minims ku Paris. Ankalemberana makalata ndi akatswiri a nthawi yake monga Descartes, Fermat ndi Pascal, ndipo mtundu wina wa nambala zosagawika umadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Mu Okotobala 2024 Luke Durant anapeza nambala ya mtundu umenewu ya madijiti 41,024,320. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yao ya Fides et Ratio ya mu 1998, anaphunzitsa kuti chikhulupiriro ndi nzeru za munthu sizilimbana, popeza zonse zimafunafuna choona.

Koma pano ndichenjeze. Nditakonza kope langa ndinaona kuti 1889, chaka chimene Azibambo Oyera anafika kwa Mponda ku Mangochi, ndi nambala yosagawika. Iwo anachokako mu 1891. Nambala yosagawika yotsatira ndi 1901, chaka chimene ansembe atatu a chipani cha Montfort anafika kwa Nzama ku Ntcheu. Ndinathamangira kwa Bambo aja ndikuti ndapeza chizindikiro. Anaseka nandifunsa za 1902, pamene Azibambo Oyera anabwerera nakatsekula Mua, za 1989, pamene Papa anadzacheza m'dziko muno, ndi za 1992, chaka cha kalata ya maepiskopi athu imene inasintha mbiri ya Malawi. Zonse zitatuzi ndi zogawika. Nambala si ula. Amene amazisandutsa zoombezera, kapena zolosera za mpira, wasiya masamu ndipo walowa zina.

Ngakhale zili choncho, pali fanizo limodzi limene limandilimbitsa mtima, ndipo ndikulipereka ngati fanizo chabe. Pa moyo wa pa seminale pamabwera nthawi zouma. Umalowa m'tchalitchi m'mawa ndi madzulo koma mumtima muli gwa, mnzako amene munkakhala naye benchi limodzi walongedza katundu wabwerera kwao, ndipo umadzifunsa ngati unamvadi kuitanidwa. Ndinadutsamo m'teremu yomwe ija ya bodza langa, ndipo ndinatsala pang'ono kulembera makolo kuti adzanditenge. Pamene ndinkakhwatcha 1,329, 1,331, 1,333, 1,337 ndi zinzake, osapeza kanthu mzere ndi mzere, ndinkapitiriza chifukwa ndinkadziwa kuti tsidya lilipo. Chimene ndinaphunzira n'chakuti munthu akakhala pakati pa mpata asadzinamize poika 1,333 wabodza kuti mpatawo uoneke waufupi. Ndi bwino kupita kwa Bambo wotithandiza pa moyo wauzimu ndi kunena zoona kuti kwauma. Kaya ulendo wanga udzathera pa guwa kapena kwina, adziwa ndi Mwini kuitana, koma ndikufuna ndikafikeko ndi kope loona.

Ntchito ya awerengi

Zida zake ndi kope la masamu la timabokosi, pensulo ndi labala. Lembani nambala khumi pa mzere uliwonse, ndipo pamwamba pa tsamba muzilemba nambala iliyonse imene mwamaliza kusefera, mutaimalizadi.

1. Sefani kuyambira 2 mpaka 200. Muyenera kuima pa 13, ndipo muyenera kupeza nambala zosagawika 46.
2. Onetsani njerwa za 115, 117, 119, 121, 123 ndi 125, kuti mutsimikize nokha mpata wa 14.
3. Awiri mwa alendo anga aja ndi 1,591 ndi 1,763. Pezani njerwa zao.
4. Pakati pa 2017 ndi 2027 palibe chaka chosagawika, ndipo 2027 ndi 2029 ndi mapasa. Kodi chaka chosagawika chotsatira 2029 ndi chiti?
5. Funsani makolo kapena agogo chaka chimene anabadwa. Ngati chili pakati pa 1951 ndi 1973, onetsani kuti n'chogawika.

Mau omaliza

Kwa anzanga aseminale ndikuti, masewerawa asalande nthawi ya mapemphero, ya ntchito zamanja kapena yokonzekera mayeso. Gauss ankagwiritsa ntchito mphindi 15 zokha, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Kwa inu makolo, mukaona mwana akulemba nambala, mufunseni monga anachitira amayi anga, ndipo mumvetsere yankho lake. Kwa Azibambo ndi aphunzitsi athu, zikomo chifukwa chotidzudzula mwachikondi, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Pa tchuthi chapitachi amayi anandiitana ali pamsika, dengu lili patsogolo. "Iwe, tomato watsalayu ndi 91. Ndayesa milu ya awiri, ya atatu, ya anayi, ya asanu, akungotsala. Ndi zako zija eti?" Ndinatsala pang'ono kuvomera, koma ndinakumbuka bolodi lija ndipo ndinayamba ndawerengera. "Ayi amayi, yesani milu ya 7." Inakwana milu 13, ndipo tsiku limenelo panalibe wolandira basela.